Masamba Khumi ndi Anayi Amene Ndinalumpha

LOLEMBA

7 koloko m'mawa, pageti la fakitale ku Springs, ku Joni kuno. Magalimoto olowa: asanu ndi anayi. Akuba: palibe. Mdani: mmodzi, ndipo sali kuno. Ali kunyumba kwanga ku Etwatwa, m'foni ya mwana wanga.

Anabwera Lachisanu lapitali. Tadala anapita ku ofesi ya kuyunivesite yoona za ophunzira olumala, n'kubwerako atamuikira chinthu ichi akuti AI, m'foni ndi m'laputopu momwe. Ukaloza foni pa tsamba, chimawerenga. Ukachifunsa, chimayankha. Chithunzi chimafotokoza. Ukati chikuyese mafunso, chimakuyesa ngati mphunzitsi wopanda chikwapu. Mawu ake ndi a mzimayi wachizungu amene sanaimepo pamzere wa takisi. Ine ndachitcha Dona.

Zaka ziwiri ndi theka, wowerengera Tadala mabuku ndine. Mwanayu anasiya kuona ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, koma mutu wake umatiposa tonse pabanja pano. Akuphunzira zosamalira anthu, akuti adzakhala wa sosholo. Mabuku a timadontho amafika mayeso atadutsa kale, ndipo mapepala a fotokope foni yake yakale sinkawatha. Ndiye madzulo aliwonse ndikaweruka: ine pampando wabuluu wapulasitiki, magalasi pamphuno, buku pamiyendo, Chingerezi cha fomu 2 ya ku Ntcheu. Mawu aatali ndimawadula mfundomfundo ngati nzimbe, iye n'kumalumikiza yekha.

Dzulo akuti, "Adadi, tsopano mupumeko." Ndani anamuuza kuti ndatopa?

12 koloko. Buku ndikulembamoli ndi lakale la pageti, abwana anataya, palibe adzaliwerenge. Ndilembe zoona.

Tadala ali ndi buku lalikulu la kukula kwa munthu, kuyambira m'mimba mpaka kumanda. Chaputala 9 ndi cha kutha msinkhu ndi zonse zimene zimatsatira. Masamba khumi ndi anayi. Muli mawu amene sindingawalembe ngakhale muno. Muli zithunzi, ndipo zithunzizo zili ndi mivi yoloza, kuopa kuti wina angasochere. Kwathu zimenezi amanena ndi azakhali kapena anankungwi, abambo ali kumunda. Ine ndiuze mwana wanga wamkazi? Ndi pakamwa pomwe ndimapempherera chakudya? Ndiye teremu yatha, nditafika pamenepo, ndinatsokomola, ndinanyowetsa chala, n'kutembenuza onse khumi ndi anayi kamodzi. Ndinati, "Apa angoika zithunzi."

Mayeso atabwera, funso lalikulu linachokera pomwepo. Tadala analakwa. Analira masiku awiri. Ine ndinayenda m'nyumba monse kudzudzula aphunzitsi kuti amafunsa zimene sanaphunzitse.

Lachisanu lino akulemba mayeso obwereza. Akalakwanso, abwereza chaka chonse. Wayamba bukulo poyambirira ndi Dona, ndipo Dona sadziwa kutsokomola. Akafika pa chaputala 9, mwana wanga adziwa kuti amene anamugwetsa si aphunzitsi.

Pulani:
1. Kumugwira Dona bodza pamaso pa Tadala.
2. Tadala amuchotse m'foni yekha.
3. Kupeza mzimayi woopa Mulungu koma wodziwa Chingerezi, adzawerenge masambawo ine kulibe, ngati kuti ndi kabuku kena kapadera.
4. Ine kubwerera pampando wabuluu, ulemu wanga uli wonse.

Amake Tadala osawauza. Amagonera kuntchito yawo ya m'nyumba ku Elsburg, amabwera Lamulungu lokha, ndipo pofika Lamulungu zonse zidzakhala zitatha bwino.

Zaka makumi awiri ndikulondera mageti mu Joni muno. Sindingalephere kutulutsa mlendo mmodzi wopanda miyendo.

7 koloko madzulo. Ali kale pa chaputala 3. Ine chaputala chimodzi chinkanditengera sabata. Ndaba mahedifoni ake, ndawabisa mu nsapato yanga yakale ya yunifomu. Popanda mahedifoni Dona azisokosa, eni nyumba adandaula, Tadala atopa naye. Nzeru izi ndazipeza ndekha.

LACHIWIRI

Magalimoto: khumi ndi awiri. Lole imodzi yaponda duwa la abwana. Sindinaone.

A Tembo, mnzanga wa pageti wa ku Chipata, akuti zinthu izi zimanama kwambiri, ungofunika kuzifunsa mafunso ovuta. Ndalemba mafunso atatu kuseri kwa pepala la alendo.

Madzulo. Eni nyumba, Gogo Dlamini, sanadandaule. Ndawapeza atakoka mpando kudzakhala pansi pa windo la Tadala, akusenda mbatata, akumvetsera za mmene mwana amaphunzirira kukwawa. Akuti ndi bwino kuposa wayilesi. Apempha kuti Dona awawerengere kapepala ka mankhwala awo a shuga, ndipo wawawerengera. Tsopano Dona ali ndi womuikira kumbuyo, ndipo ndi mwini malo.

Mafunso, Tadala ali woweruza:

1. Kamtsinje ka kuseri kwa sukulu yathu ku Ntcheu dzina lake n'chiyani? Wati sakudziwa. Wabodza wovomera kuti sakudziwa ndi wovuta kumugwira.
2. Takisi ya ku Springs ukamaiimitsa umaloza chala bwanji? Wati zizindikiro zimasiyana malo ndi malo, ndikafunse anthu apamsewu. Ulesi, koma si bodza.
3. Ngati ali ndi maso, anene kuti ine ndikuoneka bwanji.

Funso lachitatuli ndikanalisiya.

Ndaima chilili ngati pa perete, chipewa m'manja. Tadala waloza foni kumene kukuchokera mawu anga. Dona wayankha mosapupuluma: bambo wachikulire, imvi zambiri m'mbali, dazi pakati, wavala shati ya yunifomu imene batani lake limodzi la pamimba latsala pang'ono kuduka. Akuoneka wokwiya.

Gogo Dlamini aseka kunja mpaka mpeni kugwa.

Tadala anandiona komaliza tsitsi langa lili bii, mimba ili phwa. Zaka zonsezi akandifunsa ndimati sindinasinthe, ndili ngati pa chithunzi cha ukwati. Palibe amene anandiulula, ngakhale amake. Ndi mmene timakhalira ife: munthu sumuuza m'maso kuti wamera dazi. Dona sanaleredwe.

"Adadi, imvi?" Wabwera, wapapasa pamutu panga ngati akusankha chivwende pamsika. Wapeza dazi. Wapeza batani. Kenako wasiya kuseka. "Mwakalamba osandiuza."

Zandikhudza, ndisaname. Ndati ndi kuwala kwa babu.

Bodza loyamba lagwidwa lero, koma si la Dona. Ali pa chaputala 6.

LACHITATU

5 koloko m'mawa. Tadala akusamba. Ndatenga buku lija ndi guluu wa nsapato, ndamata chaputala 9 chonse tsamba ndi tsamba, n'kukhalirapo mphindi zisanu kuti chigwire. Dona aloze foni yake tione.

10 koloko, pageti. Nzeru ina. Kwathu nkhani yovuta supita nayo wekha kwa mwini wake, umadzera kwa wachibale. A Tembo andiikira Dona wina m'foni yanga. Akuti ndi amodzi. Ndiye uyu ndi mchemwali wake wa uja wa ku Etwatwa, ndipo pachibale amamvana.

Ndayamba mwaulemu. Ndamupatsa moni, ndafunsa kunyumba. Wayankha m'Chichewa, chachilendo pang'ono, ngati cha mzungu wa mishoni, koma chomveka. Ndazungulira monga achitira akuluakulu: za nyengo, za kuvuta kwa kulera ana kunja, za miyambo imene ikutha. Kenako ndafika: pali masamba ena osayenera, mukauze m'bale wanu wa m'foni ya mwana wanga kuti akafika pamenepo atsokomole.

Yankho lake, mwachidule:
a) Sangalankhule ndi wa m'foni ya Tadala.
b) Ngakhale akanatha, si bwino kubisira wophunzira zimene adzafunsidwe pa mayeso.
c) Akumvetsa kuti ndikuchita manyazi, ndipo zikuonetsa kuti mwana wanga ndimamukonda.
d) Mwina ndingomuuza Tadala zoona. Angandithandize kukonza mawu.

Ndisanayankhe, walemba kale kalata yopepesa. Ikuyamba kuti, "Mwana wanga wokondedwa, pali chinthu chimene chakhala chikundilemera mumtima." Ine sindinalankhulepo choncho chibadwire. Tadala atamva zimenezo angaitane ambulansi.

Ndinapita kukapempha chithandizo, ndabwerako ndi malangizo. Kwa foni! Foni imene ndimaitchaja ndekha!

A Tembo aseka mpaka kuiwala kutsegulira lole. "A mudala, ka makina kakuuzani chilungamo. Manje muchite chabe vamene kakamba." A Tembo ana awo onse ndi aamuna. Asandiuze kanthu.

1 koloko. Gawo lachitatu la pulani layenda. Mayi Nabanda a mvano kutchalitchi kwathu anali mphunzitsi wa pulayimale ku Dedza, pano amakolopa maofesi konkuno ku Springs. Chingerezi ali nacho, ulemu ali nawo. Ndawaimbira. Ndati pali masamba a zachizimayi ofunika munthu wamkulu. Avomera kubwera mawa masana. Sanafunse zambiri, inenso sindinanene zambiri.

Madzulo. Ndafunsa Tadala ngati bukulo silikumuvuta kutsegula. Akuti sakuligwiritsanso ntchito. A ku ofesi anamutumizira lonse mu laputopu, Dona amawerenga m'menemo.

Ndamata buku limene Dona saligwira. Amene aligwire mawa ndi Mayi Nabanda.

Theka la ola ndili pa ketulo, kufukiza masamba ndi nthunzi, kuwamatula ndi mpeni wa buledi. Tadala akufunsa chifukwa chake ndikuwiritsa madzi kachitatu. Ndati chimfine. Masamba awiri ang'ambika. Chithunzi chachikulu chija chatuluka chonse bwinobwino, mivi yonse ilipo.

Amaliza chaputala 8.

LACHINAYI

Magalimoto: sindinawerenge.

3 koloko. Mayi Nabanda aimba foni. Akuti anawerenga mutu wa nkhani ndi mizere iwiri, anatembenuza tsamba, anaona chithunzi, anatseka buku. Anapempherera yunivesite yonse, kuyambira akuluakulu mpaka ophika. Kenako, poti anali atafika kale, anamulangiza Tadala ola lathunthu: kugwada popereka madzi, kusayankha mwamuna akamalankhula, kusaseka ndi madalaivala a takisi. Za mayeso sanakhudzeko.

"Abambo, mwanayu mumupempherere. Ndipo ngati pali chimene chachitika, musabise, mpingo ulipo."

Chimene chachitika?

3:20. Tadala waimba. "Adadi, amayi aja mwawatuma ndinu? Andifunsa kuti ndili ndi miyezi ingati."

Ndati netiweki ikuduka.

Pofika Lamulungu mvano yonse idzakhala ikudziwa za mimba imene kulibe. Ndinkafuna kuteteza ulemu wa banja.

7 koloko madzulo. Mpunga ndi mapazi a nkhuku. Ndangoluma phazi loyamba, Tadala waika laputopu patebulo pomwepo, pakati pa mchere ndi ine. "Mahedifoni aja sakupezekabe, ndiye mupirire, adadi. Mayeso ndi mawa."

Wakweza mawu mpaka kumapeto. Dona walengeza chaputala 9 ngati akulengeza nyimbo ya m'buku.

Mawu oyamba oipa afika pa mzere wachitatu. Sanachedwepo, sanatsitse mawu, sanapepese. Wawatchula ngati akutchula tomato. Phazi la nkhuku laima pakhosi.

Ndati ndikufuna machesi. Ndatuluka.

Panja: Gogo Dlamini pampando wawo, ndi azimayi awiri a zipinda zinazo atakhala pa zidebe. Ndayesa kutsokomola mwamphamvu pafupi ndi windo. Gogo akuti, "Baba ka Tadala, thula, siyafunda lapha." Ndiye kuti ndikhale chete, akuphunzira.

Ndapita ku sipaza, kagolosale ka m'dera lathu. Machesi bokosi limodzi. Ndabwerera pang'onopang'ono. Dona ali pa chithunzi, akufotokoza muvi ndi muvi, kuyambira kumanzere.

Ndapitanso. Machesi ena. Wa sipaza wandiyang'ana.

Ndabwerera. Tsopano akumveka ndi mawu a Tadala. Akumufunsa Dona mafunso, akutchula mawu omwewo, mofatsa, ngati nesi wa ku kiliniki. Akufunsa kuti mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu akabwera ku ofesi akuopa kunena zimene zamuchitikira kunyumba, umayamba bwanji kumufunsa kuti asachite mantha. Ndaima pakona ya nyumba ndi machesi m'manja. Sindinkadziwa kuti m'masambamo mulinso zimenezo. Ine ndinangoona mivi.

Ndapita kachitatu. Wa sipaza wafunsa ngati ndikufuna kuwotcha nyumba ya munthu.

Choipa chitsata mwini. Mahedifoni ali mu nsapato yanga, mamita awiri kuchokera patebulo.

Nditalowa, chaputala chatha. Mpunga wazizira. Ndadikira mlandu. Tadala wangoti, "Ndakusungirani mapazi awiri," n'kupita kuchipinda kwake. Sanafunse kanthu. Akanandikalipira bwenzi zili bwino.

LACHISANU

Ndasinthana tsiku ndi a Tembo kuti ndimuperekeze.

6 koloko m'mawa. Akubwereza komaliza, tiyi ali m'manja. Dona akumuyesa mafunso a chaputala 4. Wanena kuti buku likuti nzeru za mwana zimakula m'magawo asanu, watchula ndi tsamba lomwe, molimba mtima ngati mboni yogulidwa.

Tadala waika kapu pansi. "Ayi. Adadi anawerenga anayi. Ndikukumbuka, lachitatu linawavuta kutchula. Adadi, tatsegulani."

Ndatsegula. Buku likununkha guluu. Ndawerenga ndi chala: limodzi, awiri, atatu, anayi. Anayi! Gawo lachisanu kulibe! Dona wapeka!

Tadala wamuuza. Dona wapepesa, wavomera kuti analakwitsa, wapitiriza ngati palibe chachitika. Alibe manyazi ndi pang'ono pomwe. Mwina n'chifukwa chake amagona bwino, ngati amagona.

Sabata yonse ndikusaka bodza limeneli, labwera tsiku limene silingandithandize. Ndayesabe. Ndati munthu wotere sungamukhulupirire, achoke. Tadala akuti ku ofesi anawachenjeza kale kuti nthawi zina amapeka, n'chifukwa chake zofunika kwambiri uyenera kuzitsimikiza m'buku. "Amafunika mlonda," akutero, akumanga nsapato.

Takisi ziwiri. Wagwira chigongono changa monga mwa nthawi zonse, ndodo yake yoyera m'dzanja linalo. Ndatsegula pakamwa pa renki, pokwerera matakisi, kuti ndiulule. Kwatuluka kuti, "Wanyamula madzi?" Ndatsegulanso m'takisi yachiwiri. Kwatuluka kuti, "Mafuta akwera." Kalata ya Dona ili m'foni m'thumba. Sindinaifufute, sindikudziwa chifukwa chake.

Amalemba pa kompyuta m'chipinda chapadera, ndi nthawi yowonjezera. Dona salowa nawo m'mayeso, foni imatsala pakhomo. Izi zandisangalatsa. Nayenso adikire panja ngati ine.

Maola anayi pabenchi pafupi ndi geti. Alonda a kuyunivesite ali ndi kanyumba ka magalasi ndi hita. Salemba n'komwe magalimoto. Ndapemphera pang'ono. Sindinapemphe kuti funso lija lisabwere, ndachita manyazi. Ndapempha kuti likabwera limupeze ali maso.

1 koloko. Watuluka. "Linabweranso. Lomwe lija, angosintha dzina la mtsikana."

"Ndiye?"

"Ndalemba mpaka anandiuza kuti nthawi yatha."

Wapempha tchipisi. Ndamugulira zazikulu. Wadya zonse, sanandigawireko.

LOWERUKA

Pulani yonse yagwa, chatsala ndi ine.

M'mawa ndamupeza akuchapa panja. Ndakhala pa chidebe. Kalata ya Dona sindinaigwiritse ntchito, ndili ndi pakamwa panga. Ndayambira kutali: mmene tinkakulira ku Ntcheu, mmene abambo anga sankadyera pamodzi ndi alongo anga, mmene mwana wamkazi akatha msinkhu bambo amangoona kuti azakhali abwera ndi nkhuku, osafunsa. Ndinali ndisanafike n'komwe ku Joni pamene anandidula.

"Khumi ndi anayi," akutero, osasiya kufinya malaya.

Ndati chiyani.

"Masamba. Tsamba limodzi likamatembenuzidwa limalira mwina, mulu umalira mwina. Ndinadzawerenga ndi zala inu muli kuntchito, kuchokera pamene munapinda. Ndiponso mukamatsokomola zenizeni simutsokomola choncho."

Ankadziwa. Kuyambira tsiku lomwelo. Pamene ndinkayenda m'nyumba kudzudzula aphunzitsi, iye anali pabedi akudziwa.

Ndafunsa chifukwa chake sananene.

"Ndikananena, mukanawerenga. Ndimakudziwani. Mukanatuluka thukuta, mukanawerenga mawu aliwonse. Ndiye ine ndikanamvera bwanji, kuchokera pakamwa panu? Ndinangoti mwina sadzafunsa." Wayanika shati yanga, ya batani lija, walisoka kale. "Ndinalira chifukwa ndinalakwa mayeso ndi manyazi a anthu awiri. Ndinakukwiyirani mwezi wathunthu. Simunaone kuti tiyi wanu analibe shuga?"

Ndinkaganiza kuti shuga wa masiku ano ndi wosatsekemera.

Akuti Dona sanangobwera. Anapita yekha ku ofesi kuja katatu, mpaka anafotokozera mzimayi wachilendo kuti wondiwerengera ndi bambo anga, ndipo pali zina zimene bambo sangawerenge. Mzimayiyo akuti sanaseke. Akuti si woyamba.

Manyazi adapha lambe. Kwathu kuno akanapha awiri, wina wa dazi.

Ndapepesa. Mwachidule, ndikuyang'ana chidebe. Wati wamva.

Ndalowa m'nyumba, ndatulutsa mahedifoni, ndati ndawapeza kuseri kwa kabati.

"Nsapato yakumanzere," akutero. "Ndinawapeza Lachiwiri ndikusesa."

"Ndiye Lachinayi lija?"

"Munandilumphira masamba khumi ndi anayi, adadi. Ndinati muwamve ndi inu, ngakhale kamodzi."

Mwana uyu adzakhala wa sosholo. Mulungu achitire chifundo mabanja a dera lathu lino la East Rand.

LAMULUNGU

Amake Tadala afika kuchokera ku Elsburg 8 koloko, molunjika kutchalitchi. Asanakhale pansi, azimayi atatu awagwira kale dzanja mwachisoni, wina wawalonjeza matewera. Potuluka anali atadziwa zonse. Anaima ndi Mayi Nabanda pansi pa mtengo mphindi khumi. Sindinamve mawu, ndinangoona chala. Mimba yatha.

Kunyumba inali nthawi yanga. "Inu, mukanandiuza tsiku lomwelo, ndikanapita nalo bukulo kwa mwana wa adona anga, ndi nesi, akanajambula mawu pa foni. Tsiku limodzi. Koma ayi, mwamuna wa ku Ntcheu. Mwamata buku ndi guluu." Aona machesi pawindo. Sanafunse. Angopukusa mutu n'kuwaika m'chikwama.

Zotsatira za sabata:
Mabodza a Dona ogwidwa: limodzi.
Anga: imvi, dazi, chimfine, netiweki, kabati, masamba khumi ndi anayi.
Dona: akadali m'foni. Gogo Dlamini akufuna wawo.
Zotsatira za mayeso: masabata atatu. Tadala akugona tulo. Ine ayi.

Ndapatsidwa ntchito yatsopano. Dona akanena chinthu chofunika, ine ndizitsegula buku n'kuona ngati chilimodi. Ndiye kuti ndine mlonda kuntchito, mlonda kunyumba. Chaputala 9 ndi zofanana nacho sizili m'dera langa, tagwirizana popanda kutchula. Mpando wabuluu ndi wangabe, kungoti wowerenga ndi wina.

4 koloko. Dzuwa pakhonde. Amake akugona. Tadala wakhala pafupi nane, mahedifoni m'makutu, akumwetulira yekha. M'nyumba muli zii. Zaka ziwiri ndi theka nthawi ngati ino kunkamveka mawu anga. Ndakhala ndi buku pamiyendo, lotseka, lonunkha guluu. Ndasungulumwa, mwana ali pambali panga pomwepa.

Kenako wachotsa hedifoni imodzi, wapapasa mpaka wapeza khutu langa, waiika.

"Chaputala chomaliza, adadi. Cha okalamba. Mvetserani, muli inu."

Dona akuti abambo ambiri a msinkhu uwu amavutika ana awo akasiya kuwadalira, ndipo ena amachita zinthu zachilendo pofuna kuoneka ofunikabe. Ndatsegula buku msangamsanga kuti ndimugwire bodza lachiwiri.

Zilimo. Tsamba lomwelo, mzere womwewo. Pali ndi chizindikiro cha chala changa chamafuta m'mbali. Ndinaziwerenga ndekha teremu yatha, mokweza, osalumpha ngakhale liwu limodzi. Ndinkayesa akunena anthu ena.

Sindinachotse hedifoni. Mawa 6 koloko, pageti.